Juni akafika, tiyambe taveka wakabaza

M'mamawa wa mwezi wa Juni, pa siteji iliyonse ya kabaza m'boma la Mchinji, kaya ndi pa Kamwendo, pa Waliranji, kwa Mkanda kapena pa boma penipeni pomwe anthu amakwerera njinga zopita ku chipata cha Mwami, madandaulo amakhala amodzimodzi. Njinga yakana kulira, batire lagona, chisanu chalowa mu injini. Wina akukankha Lifo yake kuti ilire, wina wagwada akupukuta pulagi, ndipo mlandu wonse waikidwa pa mphepo. Koma tayang'anani odandaulawo. Ambiri avala kajekete kopyapyala, ena ali ndi masilipasi kuphazi, manja ali pamtunda, ndipo njingayo ikangolira anyamula munthu n'kuthamanga naye mumphepo yomweyo makilomita oposa 10 kukafika ku malire. Ine ndikuona kuti tasokoneza wodwala. Chisanu cha kuno n'chochepa, sichingagwetse makina amene akusamalidwa, koma n'chokwanira kufooketsa munthu amene wagwira mahandulo. Ndalama zochepa zomwe akabaza, eni njinga ndi khonsolo angaike pokonzekera nyengoyi ziyenera kuyambira pa thupi la woyendetsa.

Tione kaye kukula kwa chisanucho. Mchinji ili pamalo okwera, pafupifupi mamita 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mvula imakhala itatha, kumwamba kumakhala kopanda mitambo, ndipo usiku kutentha konse kwa nthaka kumathawira m'mwamba. M'bandakucha wa Juni ndi Julayi kumazizira mpaka madigiri 10 kapena kutsikirapo, makamaka m'madambo a Bua ndi Rusa momwe mpweya wozizira umakhazikika pamodzi ndi nkhungu, koma pofika masana kumafunda kupitirira madigiri 20. Tsoka lake, miyezi imeneyi ndi yomwe boma lino limagwira ndalama. Mtedza wakumbidwa, soya wapunthidwa, mabelo a fodya akupita ku okushoni ku Kanengo, mavenda apachika masikelo m'misika, ndipo aliyense akufuna kufika msanga. Amalonda owolokera ku Chipata amalawirira pa chipata chatsopano cha Mchinji ndi Mwami, chomwe a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegula mu Disembala 2022. Odwala opita ku chipatala cha boma kapena ku zipatala za mishoni za ku Kapiri, ku Ludzi ndi ku Guillime amanyamuka kusanache kuti akakhale kutsogolo pa mzere. Dzuwa la Juni limatuluka 6 koloko itadutsa n'kulowa 6 koloko isanakwane, motero wakabaza amayamba ntchito kukuzizira ndipo amaweruka kutayambanso kuzizira.

Chitsanzo cha kunja chingatithandize pano. Kumaiko ena kuli kagalimoto kakang'ono kotchedwa golf cart, kopanda zitseko, nthawi zambiri koyendera mabatire, komwe poyamba kanapangidwira osewera gofu. Mu mzinda wa Peachtree City ku Georgia, m'dziko la America, timagalimoto timeneti tinasanduka mayendedwe a tsiku ndi tsiku. Mzindawo uli ndi tinjira take tokwana makilomita pafupifupi 160, ndipo ophunzira amapitira tomweto kusukulu, makolo ku golosale. Kumeneko usiku wa nyengo yozizira madzi amatha kuuma gwa, koma anthu saimika timagalimoto tawo. Amachita zinthu ziwiri. Amaonetsetsa kuti mabatire sakugona opanda moto, ndipo amatchinga okwera ndi galasi la kutsogolo, makatani a pulasitiki m'mbali, mabulangete ndi magolovesi. Kagalimoto kameneka ndi msuweni wa njinga ya kabaza: n'kopepuka, n'kotsegula mbali zonse, kamayenda maulendo afupiafupi ndipo kamadalira batire la mtovu ndi asidi. Ngati kumene madzi amauma batire losamalidwa limagwirabe ntchito, sitingamanene kuti madigiri 10 a kwa Mlonyeni ndi amene akupha athu.

Zoona zake za batire ndi izi. Mphamvu yake imachokera m'kusakanikirana kwa asidi ndi mbale za mtovu zomwe zili m'katimo, ndipo kusakanikiranako kumachedwa kukazizira. Opanga amayeza mphamvu ya batire pa madigiri 25 pafupifupi. Kukazizira mpaka pomwe madzi amauma, batire lotere limataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zake, ndipo pa madigiri 10 limataya pafupifupi theka la pamenepo. Batire lamoyo silingalephere kuliza injini ya 125cc kapena 150cc chifukwa chotaya kagawo kotere. Limene limalephera ndi lomwe linali kale kumanda mwendo umodzi, ndipo amene analifikitsa kumeneko ndi Okutobala. Kutentha ndiko kumadya batire: kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa 25, moyo wake umadulidwa pakati. Dzuwa la chilimwe, kuphatikizapo kutentha kwa injini yomwe ili pafupi, limaumitsa madzi a m'batire mpaka mbale za mtovu kutsala pamtunda. Ndiye onjezerani kagwiritsidwe ntchito kathu. Ulendo wa mphindi zisanu kuchokera pa depoti kupita ku msika subweza moto umene sitata yadya poliza injini. Pa batire lomwelo alumikizapo wailesi ya masipika akuluakulu, magetsi okongoletsa ndi chotchajira foni. Batire lokhala masabata ambiri lisanadzaze limamera timiyala toyera pa mbale zake, ndipo timiyalato tikalimba sitisungunukanso. Juni amangofika kudzaulula zomwe zinachitika miyezi isanu ndi itatu yapitayo.

N'chifukwa chake mbali ya makina ndi yotsika mtengo kuposa momwe timaganizira. Makaniko aliyense wokhala ndi kamita koyezera magetsi atha kunena mu mphindi imodzi ngati batire lipulumuka. Likagona usiku wonse n'kuonetsa mavolti 12.6 kapena kuposerapo, ladzaza. Likaonetsa 12.2 latsala theka, ndipo likatsika pansi pa 12 likufunika kutchajidwa tsiku lomwelo. Ngati ndi la mtundu wotsegula, lithiridwe madzi a batire ogula, osati a pa mjigo, ndiponso osawonjezera asidi monga ena amachitira. Injini nayo ili ndi chifukwa chake chovutira m'mawa: petulo sasanduka nthunzi msanga mu kabyuleta yozizira, ndipo choke anaiikapo kaamba ka zimenezi. Oyilo wozizira amakhala wolimba ndipo amachedwa kufika pamwamba pa injini, choncho chizolowezi choliza njinga n'kuipatsa moto wambiri nthawi yomweyo kuti "itenthe" chimadya injini kuposa chisanu. Mphindi imodzi kapena ziwiri ikulira pang'onopang'ono n'zokwanira. Matayala amene anapopedwa masana amapezeka atatsikako m'mawa, ndipo petulo wa m'zigubu, amene tinazolowera m'nyengo za kusowa kwa mafuta, amatha kubwera ndi madzi ndi zinyalala. Zonsezi ndi ntchito ya tsiku limodzi mu Epulo.

Thupi la munthu ndi nkhani ina. Woima pa siteji pa madigiri 10 amangomva kuzizira, koma wothamanga pa liwiro la makilomita 50 pa ola amadzipangira yekha mphepo yamphamvu, ndipo malinga ndi momwe akatswiri a zanyengo amawerengera, khungu lake limataya kutentha ngati kuti kunja kuli madigiri 5 kapena 6. Thupi likazizidwa limateteza mtima ndi mapapo pochepetsa magazi opita ku zala. Zala zimachita dzanzi, zimachedwa kupinda, ndipo sizimvanso bwino kuti zafinya mwamphamvu bwanji. Tsono kumbukirani kuti pa njinga yamoto buleki ya kutsogolo, yomwe ndiyo imaimitsa njinga kwambiri, ili ku zala za dzanja lamanja, pomwe kilatchi ili ku zala za kumanzere. Pa msewu wa M12, womwe umachokera ku Lilongwe kudutsa pa Namitete ndi pa Kamwendo, wakabaza amapikisana ndi mathiraki opita ku Zambia, ngolo za ng'ombe, njinga zakapalasa zosenza matumba a makala ndi ana opita kusukulu. Pa liwiro la 50, njinga imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Chala chikachedwa ndi theka la sekondi, njinga yadutsa mamita 7, ndipo mbuzi kapena mwana amene wadumphira mumsewu sakhala patali chotero. Maso nawo amatuluka misozi mumphepo yozizira ya fumbi, mapewa amakungika, ndipo munthu wonjenjemera maganizo ake amakhala pa kufika msanga.

Choopsa kwambiri ndi njira zomwe anthu amadzipezera okha pothawa chisanucho. Wina amayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo walipisa m'thumba kapena waligunditsa pa injini kuti lifunde. Wina amasiya helemeti n'kuvala chipewa cha ulusi chifukwa ziwirizo sizikwanirana pamutu, kapena amatsegula galasi la helemeti chifukwa mpweya wa m'kamwa walichititsa nkhungu. Bungwe la WHO limati helemeti yovalidwa bwino imachepetsa chiopsezo cha kuvulala ubongo mpaka ndi 74 pa 100 iliyonse, ndipo ife tikuisinthanitsa ndi chipewa cha pa kaunjika. Ndiye pali kachasu wa m'mamawa, yemwe ena amamutcha jekete la m'kati. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumva ngati wafunda pomwe kutentha kwa thupi kukutuluka mofulumira kuposa kale, ndipo umachedwetsanso zala zomwe chisanu chachedwetsa kale. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma timabotolo totsika mtengo tinalowa m'malo mwake. Amene amaletsa anyamatawa kumwa asanakwere njinga akunena zoona, komabe azifunsanso chimene chikuwatumiza ku botolo 5 koloko m'mawa.

Ena anena kuti izi ndi nkhani za anthu okhuta. Wakabaza amagwira ntchito ya tageti, mwini njinga akufuna ndalama yake madzulo, mafuta akwera, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chinathawa m'manja. Adzagula bwanji magolovesi munthu amene sanagule ufa? Funsoli n'lomveka, koma likuiwala kuti ndalamayo ikutuluka kale, kungoti ikupita kolakwika. Batire latsopano logulidwa mothamanga mu Juni, pomwe lakale likanapulumuka ndi madzi ndi kutchaja, n'lodula kuposa magolovesi ndi jekete la pa kaunjika pamodzi. Maulendo a m'mamawa amene amatayika munthu akuwothera moto kudikira dzuwa nawonso ndi ndalama. Ndipo kufunda sikufuna zovala za m'sitolo. Chofunika n'kutchinga mphepo: jekete la pulasitiki lamvula lovalidwa pamwamba pa juzi limaposa majuzi atatu olukidwa omwe mphepo imangodutsamo. Pepala lolimba la katoni kapena nyuzipepala yoikidwa pachifuwa m'kati mwa jekete imathandiza. Telala wa pa msika atha kusoka timatumba ta lona tovekedwa ku mahandulo, momwe manja amalowa akugwirabe buleki, monga amachitira oyendetsa njinga zoperekera katundu m'maiko ozizira. Kansalu kopyapyala kophimba makutu ndi khosi kamalowa bwinobwino m'kati mwa helemeti. Amene ayenera kulipira zambiri mwa izi ndi mwini njinga, chifukwa njinga ikagwa ndi yake yomwe imaphwanyika, ndipo n'zodabwitsa kuona munthu wogulira njinga yake masipika akukana kugulira mnyamata wake magolovesi.

Ena anena kuti wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima, kabaza ndi ntchito ya amuna olimba, ndipo Malawi si Ulaya. Adzawonjezera kuti ngozi za kabaza zimadza kaamba ka liwiro, kusowa ziphaso, kunyamula anthu atatu kapena anayi pa njinga imodzi ndi kusadziwa malamulo a pamsewu. Sindikutsutsa, zimenezo ndiye mizu ikuluikulu ya vutoli. Koma chisanu sichibwera chokha, chimakwera pamwamba pa zonsezo. Mnyamata amene anaphunzira njinga masiku atatu pa bwalo la mpira, atanyamula mayi, mwana ndi thumba la mtedza, ali kale pa malire a zimene angathe, ndipo zala zadzanzi ndizo zimamukankhira kutsidya. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhani ya ziphaso yatenga zaka ikukokanakokana pakati pa akabaza, apolisi ndi nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS, pomwe nkhani ya zovala ingathe kutheka mwezi umodzi popanda lamulo latsopano. Za kulimba mtimazo, mitsempha ya m'zala siidziwa kuti mwini wake ndi mwamuna. Tisaiwalenso wokwera kumbuyo, amene kawirikawiri amakhala mayi wobereka khanda kapena wodwala malungo wongofunda chitenje chimodzi. Mwana wakhanda amataya kutentha msanga kuposa munthu wamkulu, ndipo siteji yosunga bulangete limodzi kapena awiri a maulendo a kuchipatala ingachite zambiri pa mtengo wochepa.

Ntchito yokonzekera chisanuyi ili ndi eni ake kale. Masiteji ambiri ali ndi tcheyamani, kaundula ndi ndalama zolowera, ndipo ambiri amachita chipereganyu kapena banki mkhonde. Gulu lotere litha kugula kamita kamodzi ndi chaja imodzi ya mabatire, kuika sabata ya mu Epulo yoyeza njinga zonse, ndi kugwirizana kuti m'miyezi itatu yozizira palibe wonyamula munthu kusanache alibe magolovesi ndi nsapato zotseka. Lamulo la pa siteji limamveka kuposa la pa rodibuloko, chifukwa woliphwanya amakumana ndi anzake tsiku lililonse. Khonsolo ya Mchinji, yomwe imatolera ndalama m'misika ndi m'madepoti, ingamange timakoma totchinga mphepo pa masiteji akuluakulu kuti anyamata asamawothe utsi wa matayala ndi mapulasitiki. Wailesi ya Mudzi Wathu ingamaulutse madzulo zomwe a nthambi ya zanyengo anena za kuzizira kwa m'mawa wotsatira, m'chinenero cha woyendetsa njinga. Pa mbali ya ogulitsa, batire limayamba kukalamba likadali pa shelefu, ndipo lomwe lakhala chaka m'sitolo yotentha ya malata limafika kwa wogula litafooka kale. A bungwe loona za miyezo ya katundu la MBS ndi a bungwe loteteza ogula la CFTC ali ndi mphamvu zofunsa kuti tsiku lopangira lizioneka ndiponso kuti wogula azilandira lisiti ndi chitsimikizo. Pa malire ngati pano, pomwe katundu amalowa ndi m'njira zachidule zomwe, nkhani imeneyi si yaing'ono.

Kulingalira bwino za chisanu kukufunikanso chifukwa njinga zoyendera magetsi zili m'njira. Ku Kigali kampani ya Ampersand yakhala ikuyendetsa njinga za kabaza zamagetsi kuyambira 2019, woyendetsa akungosinthitsa batire lotha ndi lodzaza pa siteshoni. Ku Nairobi, komwe ndi kokwera kuposa Mchinji ndipo Julayi wake amazizira ndithu, njinga zoterezi zikuchuluka. Ku Wedza m'dziko la Zimbabwe amayi akumudzi amanyamula zokolola pa njinga zamagetsi za matayala atatu zotchedwa Hamba. Zikadzafika kuno mwaunyinji padzakhala onena kuti sizingapirire Juni. Mabatire a lithium amavuta kwenikweni akatchajidwa kutazizira mpaka madzi kuuma, ndipo pa madigiri 10 amangochepetsako pang'ono mtunda woyenda. Mafunso oyenera kufunsa ogulitsa ndi ena: kotchajira kuli kuti m'boma lomwe nyumba zambiri zilibe magetsi a ESCOM, zidzatani magetsi akazima monga zinakhalira namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, zipangizo zidzapezeka pa Kamwendo kapena mpaka ku Lilongwe, ndipo batire ndi la mtundu wanji. Funso lomalizali n'lofunika, chifukwa njinga za matayala atatu zotsika mtengo zambiri zimabwera ndi mabatire a mtovu olumikizidwa kufika mavolti 48 kapena 60, monga a golf cart aja. Amenewo ndi amene amafa msanga akamakhetsedwa mpaka pansi tsiku ndi tsiku, ndipo akafa amasiya mtovu ndi asidi, zomwe ndi poizoni kwa ana osewera pomwe mabatire akuswedwa.

Njinga yamagetsi idzathetsa kukankha kwa m'mawa, choke ndi pulagi yonyowa. Koma ilibe injini yotentha pakati pa miyendo, ndipo wakabaza amene lero amaima pa Tembwe n'kugunditsa manja pa injini kuti zala zibwerere sadzakhala ndi pogunditsa. Pa njinga imeneyo magolovesi ndi jekete lotchinga mphepo zidzafunika kuposa lero, ndipo amene adzabweretse njingazi pa ngongole aziike pa mtengo womwewo pamodzi ndi helemeti ziwiri.